Mtanda wa Chisanu ndi Chiwiri

Tinachoka ku Kapata tambala asanatsuke kummero,
amayi a zitenje zofanana, makolona m'manja,
anyamata a kwaya atasenza ng'oma ndi zigubu za thobwa.
Lutembwe tinamuoloka akungonyambita akakolo,
Ogasiti atammwa mpaka mchenga.
Pamene tala wathera, njira imayamba kuwerenga mitanda.

Ilipo khumi ndi inayi, yonse ya mwala,
kuchokera pa mphambano mpaka pamutu pa phiri.
Woyamba anaumata nkhope ya wofuna ukhansala,
mvula yamudya kale diso limodzi.
Wachitatu wasalala mbali, mbuzi zimakandirapo misana.
Wachisanu ulibe mkono wakumanja:
akuti unapita pa wilibala ndi miyala ina yophwanya,
lero wanyamula khonde la munthu ku Mchini.

Palibe amene amafunsa kuti anasema ndani.

Venansio Daka, bambo anga.
Zaka zitatu nyundo ikulira m'phiri muno,
tizidutswa tikumulumphira m'maso,
wansembe wa ndevu zofika pachifuwa akuyeza ndi chingwe.
Malipiro ake: thumba la mchere, malata asanu ndi limodzi,
ndi njinga yopanda belu.

Kenaka anaona mayi anga akupeta mpunga ku Feni
ndipo anamanga nyumba yachiwiri.
Dzina lake analidula m'buku ndi inki yofiira.
Lamulungu lililonse ankavalabe jekete,
n'kuima pansi pa mango kuseri kwa zenera,
chipewa pamimba, milomo ikutsatira nyimbo.
Tsiku lomwe tinamuika, belu silinalire.
Kwaya inali ku ukwati.

Tafika pa wachisanu ndi chiwiri,
pamene Ambuye anagwa kachiwiri.
Akatekisiti a Miti akweza mawu, fumbi lili m'nsidze,
mpingo wagwada kumaso kwa mtanda.
Ine ndazungulira kumbuyo,
kumene kuli chitedze ndi ndowe za ng'ombe.

Kamtsikana kandikoka chitenje:
"Amayi, kutsogolo ndi uku."
Ndikudziwa, mwanawe.

Ndatola chitsekerero cha botolo, ndapala ndere cha m'munsi.
Zilipobe: V, ndi D woyang'ana kumanzere,
pakuti sukulu anailekera pakhomo.
Pamwamba pake kabala m'mwala
pamene nyundo inaphonya, n'kumudya chala.
Ankatiuza akuseka, akutionetsa chikhadabo chosamera:
"Apa tinagwa awiri."

Kale ndinkayesa akunena za chala.

Sindikupemphera, kunena zoona.
Ndikungoika mphumi pa mwala wotentha,
ndikumva fungo la fodya wake wa labu,
ndi chifuwa chija chimene phiri linamupatsa,
chokhosomola mchenga usiku wonse.
Mwala uwu sunafunse mtchatho.
Anaudzutsa, unaima; ukuimabe,
anthu akuupsompsona ndi milomo yomwe inakana kumuimbira.

Chitedze chalira kumbuyo kwanga.
Ndi Perepetuwa, mwana wa kunyumba yaikulu,
amene sitinapatsanepo moni chimwalirire bambo,
chifukwa cha malata aja, ndi zina zimene taiwala mutu wake.
Wakalamba. Wayamba kuyenda ngati iwo,
phewa lakumanja lotsika.
Wayang'ana zilembo, wayang'ana ine,
wagwada movutikira, bondo likulira ngati nkhuni yaiwisi.

"Unapala ndiwe chaka chatha?"
Ayi.
"Ndiye ndinali ine," watero, "ndayamba kuiwala."

Mpingo wanyamuka, nyimbo yakwera kale phiri.
Tatsala awiri, miyendo ikuyabwa,
iye akupala V, ine D,
chitsekerero chimodzi tikupatsirana.
Mitanda ina isanu ndi iwiri ikutidikira kumtundaku,
dzuwa lafika paliwombo,
ndipo thobwa lonse lapita ndi anyamata.